Transifa ya pa Foni

Ndinali nditaphunzitsa zaka zisanu ndi ziwiri pa sukulu ina ya pulaimale kufupi ndi Kaseye, ku Chitipa, pamene ndinalemba kalata yopempha transifa. Ndinailemba mobisa ngati ndikuba. Anthu a kumeneko sanandilakwire chilichonse, ankandipatsa nyemba ndi nthochi osawapempha. Koma kwathu ndi ku Ntcheu, amayi anali atayamba kuvutika ndi BP, ndipo ulendo wokawaona unkadya masiku awiri. Kalatayo ndinakaisiya ku ofesi ya maphunziro pa Boma, kenako kunangoti zii chaka chathunthu.

Foni inalira Lachiwiri pa nthawi ya buleki. Nambala yake inali yachilendo, mawu a bambo wodekha. Anatchula dzina la sukulu yathu bwinobwino.

"Kuno ndi ku likulu, ku Lilongwe. Madamu, mwazunzika mokwanira kumpotoko. Transifa yanu yatheka. Paja munapempha kuti?"

"Ku Ntcheu, bwana."

"Eya, ndi zomwe zalembedwa apa."

Taonani uchitsiru wanga. Munthu woti kalata yanga ili patsogolo pake akundifunsa kumene ndinapempha, ine osadabwa! Mphunzitsi wochokera kumunsi akakhalitsa ku Chitipa, sipafunika sing'anga kuti adziwe chimene mtima wake ukulira. Komanso Chichewa chake chinali chakwathu chenicheni, choti ndinali nditachisowa. Ndinamukhulupirira asanamalize n'komwe.

Anati tingotsimikizira zinthu zochepa kuti kalata isindikizidwe lero lomwe. Ndinatulutsa chiphaso cha unzika m'chikwama n'kumuwerengera nambala yake. Ndinamupatsa nambala ya ntchito, tsiku lobadwa, mudzi, mfumu yaikulu, dzina la amayi. Kenako anati pafoni panga pabwera uthenga wa manambala angapo, ndimuwerengere msanga usanathe mphamvu. Pansi pa uthengawo panali mawu a Chingerezi oti manambalawo ndisauze munthu aliyense. Ine amene ndinkaphunzitsa Chingerezi mu sitandade 7 ndinawaona mawuwo, ndinawamva, n'kumuwerengerabe.

"Koma musauze munthu, ngakhale ahedi anu," anatero. "Anzanu angachite nsanje n'kuiononga nkhaniyi."

Apo anandipeza pabwino, poti chinsinsicho ndinali nacho kale.

Madzulo ake foni inataya netiweki. Ku Chitipa imeneyo si nkhani. Netiweki imachoka n'kubwera yokha, tsiku lina foni imagwira ya ku Zambia. Ndinakwera pachulu cha kuseri kwa sukulu pamene tonse tinkaimbira, koma ayi ndithu. Lachitatu chimodzimodzi. Ndinamva foni ya mnzanga ikulira, ndinangodziuza kuti yake ndi ya kampani ina. Sindinafunse aliyense. Kufunsa munthu kukanatanthauza kuulula za transifa.

Lachinayi m'mawa ahedi, bambo wachikulire wa komweko, analowa m'kalasi mwanga osagogoda.

"Madamu, zaninge luwiro, bwerani msanga. Mng'ono wanu ali pa foni yanga, akulira chomene."

Mng'ono wangayo anali ndi nambala ya ahedi chifukwa ndinamuimbirapo pa foni yawo yanga itazima.

"Achemwali! Ndinu? Muli moyo?"

"Ndili m'kalasi. Chachitika n'chiyani?"

Anafotokoza akusisima. Kuyambira Lachiwiri usiku mauthenga ankachokera pa nambala yanga kupita kwa abale onse. Wolembayo ankati ndi namwino. Ati ndagwa pa njinga yamoto, ndagonekedwa pa chipatala cha Boma, sindikutha kulankhula, atumize thandizo msanga. Anatchula mudzi wathu ndi dzina la amayi, ndiye akanakayika ndani? Abale anatumiza ndalama zimene anali nazo.

"Nanga amayi?"

"Anakwera basi dzulo m'mawa. Tinawaletsa, osamva."

"Ali ndi foni?"

"Yawo ija inafa kalekale."

Ndinatuluka n'kukhala pakhonde. Amayi, a BP, okha mumsewu wa Karonga, akuganiza kuti mwana wawo akufa. Ndinaopa kuti zonama za munthu uja ziwapha asanandione.

Ahedi anandifunsa kuti ndinapatsa ndani zinthu zanga. Ndinaulula zonse, mutu uli pansi.

"Madamu, transifa imabwera pa pepala, imadutsa pa tebulo langa. Ndipo boma manambala anu lili nawo kale, likufunseninso chifukwa chavichi? Mukanandiuza. Munthu safuna kwawo mobisa."

Sanawonjezere. Anaimitsa wa njinga yamoto n'kundiuza kuti kalasi aiona okha.

Pa Boma ndinayamba kaye ku ofesi ya kampani ya foni, poti nthawi yonseyi wakubayo anali akulankhulabe m'dzina langa. Mzere unali wautali, ndipo ndinapempha anthu molira kuti andidutsitse. Mayi wa pakauntala anayang'ana chiphaso changa, kenako pa kompyuta, n'kundiuza kuti nambala yanga ili pa simu ina kuyambira Lachiwiri. Anaitseka pomwepo. Anandilangiza ndipite kupolisi, chifukwa munthu amene ali ndi zonse zija angathe kuchita nazo zina zambiri. Anatinso aliyense woimba n'kufuna manambala a mu uthenga ndi wakuba, kaya alankhule mokoma bwanji. Ndinati kupolisi ndipita, koma osati pano.

Ndinathamangira kudepoti. Makondakitala anati minibasi ya ku Karonga yafika kale, ndipo mwatsika mayi wachikulire wolankhula Chichewa chokhachokha, amafunsa njira ya kuchipatala. Ndinathamanga ngati wamisala, nsapato za kuntchito zili m'manja.

Kuchipatala, mu wodi ya azimayi, amayi anga munalibe. Wokolopa wina anati anawaonadi akuyenda bedi ndi bedi, akusuzumira nkhope za odwala. Atauzidwa kuti dzina langa mulibe, anafunsa kumene kuli nyumba ya chisoni.

Ndinawapeza atakhala pansi chapatali ndi khomo lake, alibe mphamvu zokagogoda. Pambali pawo panali beseni, bulangete ndi kapoto, katundu wa munthu wodzadikirira wodwala. Ndinaitana, "Amayi!" Anandiyang'ana nthawi yaitali osadzuka. Nditagwada anandigwira mutu, mikono, miyendo, kufunafuna bala. Kenako tonse tinalira, anthu akutiyang'ana, ena akuyesa kuti tili pa maliro.

Atapuma anandifunsa, "Iwe, munthu ameneyu anadziwa bwanji mudzi wathu? Dzina langa anamuuza ndani?"

Manyazi amene ndinamva pamenepo sindinawamveponso.

"Ndinamuuza ndekha, amayi."

"Chifukwa?"

"Anati andisamutsira kwathu. Ndinkafuna ndizikhala pafupi nanu."

Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje.

"Ndiye taona, wabwera ndine."

Anayesa kudzuka koma analephera. Mapazi anali atatupa ndi masiku awiri a m'basi, moti masilipasi anakana kulowa. Ndinawanyamulira beseni lawo, iwo atatsamira paphewa langa, n'kupita nawo kukayezetsa BP.