Liwu limene ndinamira nalo

Amene anandichotsa pasukulu ndi amalume anga, Che Ajasi a ku Lungwena, ndipo mpaka lero dzina lawo likatchulidwa magazi amandiwira. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Khoka lawo linkakodwakodwa m'miyala ya pansi pa nyanja, ndiye ankafuna mwana wa chifuwa chabwino woti azimira kukaliwonjola.

Chondipweteka n'chakuti sabata yomweyo aphunzitsi athu, mayi wachikulire wa mawu otsika, anali atangotiphunzitsa liwu la Chingerezi loti deep. Sanafulumire kulilemba pabolodi. Anati titsinzine, tilitchule pang'onopang'ono. Limayamba ndi lilime kugunda kuseri kwa mano, kenako limatalika, likutsetsereka ngati mwala woponyedwa m'madzi, mpaka milomo imatsekeka yokha. Anati eni ake amalinenera madzi akuya, tulo tofa nato, mawu a bambo wamkulu, ngakhale bala la mpeni. Ine ndinangoti kakasi. Zonsezo m'kaliwu kamodzi? Ndinkafuna kudziwa ngati mawu ena onse ali choncho. Lolemba lake ndinali m'boti.

Tsiku loyamba kumira ndinagwira chingwe n'kutsika. Madzi obiriwira aja anayamba kuda, kuzizira, makutu akuwawa, phokoso la anzanga m'boti litazimiririka. Liwu lija linabwera lokha m'mutu, likutalika mmene ndinkatsikiramo, ndipo phazi litagunda mwala milomo yanga inali yotseka ndithu. Thupi lonse linachita tsemwe. Sanali madziwo ayi. Ndinkadabwa kuti munthu wina wakutali, woti nyanja yathuyi sanaionepo, anaumba liwu lofanana ndendende ndi zimene zinkandichitikirazo. Nditavuuka n'kuwafotokozera amalume, mpweya ukundithera, anaseka n'kunena kuti Chizungu sichigwira utaka.

Pano ndine wamkulu, ndipo ndazindikira kuti chimene anandilanda si satifiketi. Ndi mawu ena onse aja amene mayi uja anatsegulira anzanga chimodzimodzi, ine kulibe.

Ndiye chaka chatha amalumewo atabwera kwa amayi kudzapempha mng'ono wanga Yusufu, ati nayenso chifuwa chake n'chabwino, sindinadikire kuti amalize tiyi. Amayi anandiyang'ana mondiletsa, koma ndinali nditaimirira kale.

"Amalume, Yusufu mawa akupita kusukulu. Khoka likakodwa, muvule malaya mumire nokha."