Njinga ya a Macloud pakhonde la Abiti Jaffalie

A Macloud anabwera ku Nkope mu 1976 kudzaphunzitsa kupulayimale. Kwawo kunali ku Dedza, kumapiri. Mowa sankamwa, masuti analibe nawo chidwi. Chimene chinawalowetsa m'ngongole ndi nsomba.

Kwawoko, munthu akamagwira ntchito kunyanja, abale amayesa kuti nsomba amangotola pakhomo. Tchuthi chilichonse a Macloud ankakwera basi ndi mitanga iwiri ya utaka wowamba, ndiponso chambo cha amalume awo. Nsombazo ankatenga pangongole kwa Abiti Jaffalie, mayi wowamba nsomba kugombe. Ngongole itakula, mayiwo anatenga njinga ya a Macloud ngati chikole, n'kuikoleka kudenga la khonde lawo.

"Aphunzitsi, ine njinga sindikwera," anatero mayiwo. "Koma mvula ikagwa musanamalize, ndigulitsa. Nkhuni zowambira sandipatsa ulere."

Njingayo ndi imene ankakatengera malipiro ku boma, ndiponso kunyamulira mwana wawo Doris, wodwaladwala chifuwa, kupita naye kuchipatala.

Choncho anakhala pansi ndi akazi awo, a Celestina, n'kugawa malipiro asanafike: gawo la chimanga, gawo la Abiti Jaffalie, ndi pang'ono posunga. Shuga anasiya. Nyali ankayatsa pokonza ntchito ya ana okha basi. Makadi a chipani okha ndi amene sakanatha kuwazemba, awo anagula a banja lonse. Ndipo anagamula kuti tchuthi cha Ogasiti sapita ku Dedza.

"Bambo a Doris, mukuganiza kuti kumudzi akhala chete?" anafunsa a Celestina.

"Akadandaula adandaulire komweko."

Miyezi ingapo zinayenda. Ngongole inatsika kufika theka, ndipo a Macloud akamadutsa kugombe ankaima n'kupukuta fumbi pachishalo.

Sukulu itangotseka, basi inatsitsa anthu atatu: amalume aja, a Simioni, akazi a amalumewo, ndi mlongo wa a Macloud, aliyense ndi mtanga wopanda kanthu.

"Tinamva kuti subwera, ndiye tinati mwina wadwala," anatero amalumewo. Ndalama ya basi anali nayo yofikira kuno yokha, yobwerera kwawo analibe.

Nthawiyo mwera unali utakula. Mabwato sankalowa m'madzi, nsomba zinakwera mtengo. Alendowo anati adikira mphepo ileke. Chimanga cha mwezi wonse chinatha msanga, ndipo shuga anagulidwanso, pakuti mlendo sapatsidwa tiyi wopanda kanthu.

Tsiku lina a Macloud analimba mtima.

"Amalume, chaka chino nsomba sizitheka."

"Nanga fungo likuchokera kugombeli ndi la mbatata?"

"Ndili ndi ngongole. Njinga yanga ili pachikole."

"Iwe, fizi yako ya ku mishoni ndinagulitsira ng'ombe. Ng'ombeyo inali ndi bere. Ndinakuuzapo za ngongole?"

A Macloud anatuluka n'kukayamba kusesa pabwalo la sukulu, pomwe panali posesa kale.

M'mawa mwake amalumewo anapita okha kwa Abiti Jaffalie n'kusankha nsomba zodzaza mitanga itatu, akuti mwana wathu adzalipira. Ndalama zosunga zija zinathera matikiti a basi.

Mvula inagwa mu Novembala ngongole ili pomwe inayambira. Abiti Jaffalie anadikirako pang'ono, kenaka anagulitsa njingayo kwa wamalonda wina wa ku Chiponde. Anabwera okha kusukulu kudzapereka ndalama zotsala, atamanga pamfundo ya chitenje. Zinali zokwana kugula sopo ndi mchere.

"Tsopano mulibe ngongole, aphunzitsi. Mwamasuka," anatero. "Nanga za Khirisimasi ndikusungireni mitanga ingati?"

A Macloud anayang'ana ndalamazo m'dzanja nthawi yaitali. Ana m'kalasi anali atayamba phokoso.

"Umodzi," anatero. "Waung'ono."

Mwezi womwewo Doris anadwalanso, ndipo a Macloud anam'bereka kumsana mpaka kuchipatala.