Khoma Lomwe Linanyamula Denga

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi mlamu wanga, wa kabaza pa Kamwendo. Tsiku lina ananyamula a Zimba, kapitawo wa zomangamanga, namva kuti akufuna munthu wamphamvu. M'mawa mwake ndinali ku boma, m'nyumba yakale ya wamalonda wina, yomwe ankafuna kuisandutsa zipinda zogona madalaivala a mathiraki.

Tinkagumula makoma a m'kati ndi kumanga atsopano. Yemwe anandiphunzitsa anali a Phiri, mmisiri wachikulire wa ku Dambe. Choyamba, kuzimitsa magetsi ndi kuzula mawaya. Kenako kusenda pulasitala ndi tchizulo, ndiye kugumula kuchokera pamwamba, njerwa imodziimodzi, zabwino kuziika padera. Pomanga, chingwe ndi levulo sizinkachoka m'manja mwawo.

Tsiku lachinayi tinafika pa khoma la pakati. A Phiri anakwera mu siling'i, natsika nkhope itasintha.

"Khoma ili lanyamula mtanda wa denga," iwo anatero. "Tiimike kaye nsanamira za bulugamu."

"Mwini wake akufuna zipinda Loweruka," anayankha a Zimba. "Bulugamu ndimupeza kuti lero? Iwe, tenga hamala."

Ndinali watsopano, ndinkaopa kuchotsedwa. Ndinamenya. Nditachotsa mizere itatu ya njerwa, matabwa analira pamwamba. A Phiri anandikankhira pakhomo, mtandawo n'kuwagwera paphewa.

Titabwerako kuchipatala tinapeza mwini nyumba akuyang'ana malata opindika. A Zimba anandiloza osaphethira.

"Ndi uyu, bwana. Wagumula osauzidwa."

Ndinafotokoza mmene zinakhalira, koma mawu a munthu wa masiku anayi angapose a kapitawo? Anandichotsa tsiku lomwelo. A Phiri atatuluka m'chipatala ndi chikhakha anapita okha kukanena zoona. Mwini nyumbayo anangoti, "Zadutsa izo, madala. Ntchito ikuyenda." A Zimba anamaliza zipindazo, ndipo mwiniyo anawapatsanso ntchito pa nyumba ina.

Kuchotsedwako ndinaiwala kalekale. Chomwe chimandiwawabe ndi chakuti dzanja la a Phiri silinakwerenso kupitirira phewa. Munthu womanga makoma owongoka ngati iwowo anathera kusefa mchenga.

Lero ndili ndi amisiri anga. Khoma lililonse, ngakhale lopyapyala, ndimakwera kaye ndekha kukaona chomwe lanyamula. Ndipo wantchito wanga aliyense amadziwa kuti akaona chokayikitsa atule hamala pansi, ngakhale wolamulayo ndi ine.