Koleti ya amalume pa chidole cha kumunda

Mwaswera bwanji nonse.

Amalume Zefa akubwerera kuntchito yawo yokweza katundu ku bwalo la ndege ku Tete, ndipo muthokoze ine.

Chiwaimitsireni ntchito akhala kuno kwathu kuchigwa, kopanda redi ya foni. Dzulo ndinatenga koleti yawo, kajekete konyezimira kopanda manja kovala kuntchito, n'kuveka chidole choopsezera anyani kumunda wa kuphiri. Lero anakwera kukaitenga, akunditukwana njira yonse.

Ali mkati movula chidolecho, foni yawo inalira, poti kuphiriko redi imagwira. Anali a sindikato, bungwe la ogwira ntchito, akuti agwirizana ndi mabwana kuti oyamba kubwerera akhale akalekale pantchito ngati amalume. Akhala akuwaimbira osawapeza, ndipo pofika madzulo malo awo akanapatsa wotsatira.

Atsika akuseka, chidole chili kukhwapa, koma akuti mbama yanga ilipobe. Inu mukuti bwanji, ndilandire mbama kapena botolo la refresko yozizira?