Chitini cha zipolopolo cha abambo

Ndinadzuka kusanache, ngati kutsinzina pamphasa ya pasiwa n'kugona. Amayi a mpingo anali ataimba mpaka mawu kusasa. Panja mvula inkawaza, amuna atathawira m'chigafa, akuwotha moto pansi pa fodya wathu wosauma. Bokosi la abambo linali pakati pa nyumba, koma maso anga anali pachitseko cha kuchipinda kwawo, kumene kunali mfuti.

Mfutiyo inabwera ndi agogo kuchokera kunkhondo ya azungu. Munda wathu uli kufupi ndi waya wa paki ya nyama zakutchire, ndiye chimanga chikayamba kukhwima abambo ankaombera m'mwamba kuti njovu zibwerere. Kenako zipolopolo zake zinasiya kupezeka. Anapita mpaka ku Lilongwe, am'sitolo n'kuwauza kuti mfuti yotere ndi yongokoleka pakhoma. Anabwerako atakwiya, nayamba kutola zigoba zakale n'kumathiramo okha wonga wogula kwa munthu wina wa kumalire. Zina zinkalira, zina zinkangoti tcha! Tikawaletsa ankati mwana wamkazi adziwa chiyani za mfuti. Tsiku la imfa yawo njovu inalowa m'chimanga, iwo anakoka, mfuti inangoti tcha. Tinakawatola m'mizere.

Mlongo wanga Dalitso, wobadwa pambuyo panga, sanagwetse msozi. Ankangoti tikaika abambo akaonana nayo njovu ija, ndi mfuti yomweyo, ndi zipolopolo zomwezo zotsala m'chitini. Mkazi wake ndi woyembekezera. Amayi tinaika kalekale, ine ndatsala ndi iye yekha basi. Dzulo lake ndinamugwira miyendo kumuchonderera, anangondichotsa manja ngati akuchotsa chisoso pabuluku.

Ndiye ndinalowa kuchipinda ngati ndikukatenga shuga wa tiyi. Chitini chinali pansi pa bedi. Wonga ndinakauthira m'chimbudzi, koma zipolopolo ayi, chifukwa Dalitso ndimamudziwa, akanagumula chimbudzicho n'kuzitsuka. Malo amene sangakumbe ndi amodzi okha, manda a bambo ake. Zipolopolo ndi zigoba zonse ndinazikulunga m'chitenje n'kudzimanga pamimba, monga timachitira anamfedwa kuti m'mimba musamanjenjemere.

Kutacha anthu anayamba kufika, ena panjinga, ena pangolo, matope mpaka m'maondo. Achibale a ku Nkhamenya anatsika m'galimoto akulira m'Chitumbuka. Kuseri kwa nyumba nkhuni zonyowa zinkangofuka utsi, amayi akupemerera moto ndi zivindikiro. Adzukulu anatumiza mawu kuti dzenje likudzaza madzi, akuchita kukapa ndi ndowa, tidikire. Mayo ine, kudikira! Zitsulo zinkandidya m'nthiti, ndipo nthawi zonse Dalitso akadutsa pakhomo ndinkaweramitsa mutu.

Azakhali anabwera kudzandimangitsa nsalu ija, ati yakhwepa. Atagwira, manja awo anaima.

"Mwana iwe, wamanga chiyani apa?" ananong'ona.

"Azakhali, mukalankhula, Dalitso mumuika sabata yomwe ino."

Kenako anavula chitenje chawo chapamwamba n'kundimangira pamwamba pa changa, zolimba.

Dzuwa litakwera amalume anabwera ndi maganizo akuti mfuti ilire kumanda, potsanzika mwini wake. Dalitso anaimirira kulunjika kuchipinda. Mkulu wa mpingo ndiye anamuimitsa, anati pamaliro a Mkhristu pamalira nyimbo, osati mfuti. Munthu ameneyo ndinkadana naye chifukwa cha ulaliki wake wosatha, koma tsiku limenelo ndikanamubereka kumsana.

Nthawi yoona nkhope itakwana, achibale tinkaika nsalu m'bokosi asanakhome. Ndinadzigwetsa pabokosi ndikulira, azakhali anatambasula chitenje ngati akunditchinga, ine n'kumasula mtolo uja n'kuukankhira m'mbali mwa abambo. Unalira kuti ngwe. Mdzukulu wamkulu, bambo wa imvi amene waika theka la mudzi wathu, anaunyamula nauyesa kulemera. Kwathu munthu sitimuika ndi zitsulo, ndipo mawu a mdzukulu pamenepo satsutsidwa. Ndinamuyang'ana, misozi ndi mamina zili chuchuchu, pakamwa pangotuluka kuti chonde. Iye anacheukira Dalitso amene anaima pakhomo nsagwada zili gwa, nacheukiranso ine. Anauika mtolowo pansi pa mkono wa abambo, naitanitsa misomali.

Njira ya kumanda imadutsa m'mbali mwa munda wathu. Tinayenda pang'onopang'ono, mvula itayambanso, nyimbo ikumka patsogolo. Chimanga chinali chitagona mbali yonse ya kumadzulo, mapazi a njovu atadzaza madzi ngati mabeseni. Dalitso ananyamula nawo bokosi kutsogolo. Pofika pamene tinawatola abambo anatembenuza mutu, ndipo ndinaona kuti akuyeza njira imene njovu inadzera. Sankadziwa kuti zimene akudalira wazisenza paphewa.

Kumanda anatsitsa bokosi, ulaliki unatalika monga mwa masiku onse. Ine ndinkangoti fulumirani, fulumirani, mumtima. Dothi litayamba kugwa, kulira kwenikweni kunandigwira. Kuyambira m'mawa ndinkalirira wamoyo, apa ndipo ndinawalira abambo anga, ndi liuma lawo lonselo.

Madzulo anthu anabalalika. Mabenchi a kutchalitchi anabwezedwa, pabwalo panatsala phulusa lonyowa ndi mafuwa. Azakhali ndi mlamu wanga anagona pamphasa osavula n'komwe mipango. M'nyumba munali zii. Ndinamumva Dalitso akulowa kuchipinda, akukoka chitini pansi pa bedi. Anatuluka nacho chili chopanda kanthu, mfuti kudzanja linalo.

"Achemwali, zili kuti?"

"Zapita ndi mwini wake."

Ndinkayembekeza kuti andimenya kapena atukwana. Anangokhala pansi, mfuti pamiyendo.

"Nanga chimanga chotsalacho? Mwana akabadwa tidya chiyani?"

Kumunda anzathu anali atayamba kale kumenya zitini ndi makasu, chizindikiro choti njovu zayandikira waya. Dalitso anamvetsera. Anaimirira, nakoleka mfuti pamsomali wake, natenga chitini cha abambo ndi kamtengo. Ndinamuitana, sanacheuke.

Ndinakhala pakhonde ndekha, nsalu ya azakhali ikadali pamimba. Chitini chimenecho ndimachidziwa kulira kwake, n'chopyapyala kuposa zonse. Patapita nthawi ndinachimva kumapeto kwa munda, ngwe, ngwe, ngwe. Sindinalowe m'nyumba. Chikasiya pang'ono ndinkaimirira, chikayambanso ndinkakhala pansi.