Tsiku Limene Amayi Anandikana pa Kachulu

Dzina langa linamveka pa wailesi ndikupeta mpunga. Kunali m'mawa, dzuwa lisanapse. Masiku amenewo mayina a osankhidwa kupita ku yunivesite ankawawerenga pa wailesi, boma ndi boma. Inu a masiku ano mumangotulutsa foni m'thumba, ndiye simungadziwe kukoma kwake dziko lonse likamamva dzina lako.

Wailesiyo inali ya achimwene anga a Afonso. Mabatire tinali titawayanika padzuwa dzulo lake. Atafika pa boma la Zomba ndinaika lichero pansi. Anawerenga anyamata okhaokha, kenaka anati Rozina, n'kutchula dzina la bambo anga. Ndinakuwa. Lichero ndinaliponda, mpunga n'kumwazika, nkhuku n'kupeza phwando. Amayi analuluta mpaka amayi anzawo anathamanga kuchokera kuchitsime, kuyesa kwabadwa mwana.

Mudzi wathu unali kum'mawa kwa nyanja ya Chilwa, mkati mwa Mozambiki pang'ono. Bambo anga anali Mmalawi wa kwa Kuntumanji. Anapita kwa amayi ku Mozambikiko pa chikamwini, ndipo anamwalira ndili wamng'ono. Sukulu yonse ndinaphunzira ku Malawi, ndikukhala ndi azakhali anga, alongo awo a bambo, omwe ankalima mpunga ku sikimu ya Likangala. Kwa amayi ndinkapitako pa holide. Nditalemba mayeso a Fomu 4 ndinapita kukadikirira komweko.

Za kalowedwe ka ku yunivesite ine ndi a Afonso tinkazidziwa ngati katekisimu. Ahedi athu ankati pali makomo atatu. Mmalawi ankafunika makirediti asanu ndi imodzi, Chingerezi chili momwemo, ndiponso atchule mudzi, mfumu yaikulu ndi boma la kwawo. Wa dziko lina ankabweretsa mapepala a sukulu za kwawo kuti awaone ngati akulingana ndi athu, ndipo ankafunika womuimira. Wochokera ku yunivesite ina ankadikira kuti yunivesiteyo itumize yokha zotsatira zake.

Khomo loyamba linali langa. A Afonso, omwe bambo awo anali ena, a komweko ku Mozambiki, ankasuzumira lachitatu. Anaphunzira chaka chimodzi ku yunivesite ya ku Maputo, n'kubwera pa holide, njira n'kutsekeka ndi nkhondo, basi. Masamu onse amene ndinakhoza anandiphunzitsa ndi iwo. Ankalemba pansi ndi kamtengo uku akundinena kuti mutu wanga ngwa dzungu.

Wa pa wailesi anamaliza ndi chenjezo. Wosafika pa tsiku lotsegulira, malo ake apatsa wina.

Mfuti zinalira masana a tsiku lomwelo. Poyamba ndinayesa nsungwi zikuphulika pamoto. Kenaka utsi unakwera cha kusitolo. Bambo wina anadutsa pabwalo pathu akuthamanga, sopo ali kumutu, ndipo sanatipatse moni.

Amayi sanakuwe. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi buluku la a Afonso ndi chipewa chawo. Ankhondo ankatenga atsikana, ndiye ndinayenera kuoneka mnyamata. Bulukulo ndinalimanga ndi luzi. Pepala la zotsatira za mayeso ndinalikulunga m'kapulasitiki ka shuga n'kulibisa m'chipewamo. Amayi anatenga chitenje ndi poto mmodzi. Mbuzi tinazisiya zomangirira.

Tinalowa m'dambo. Njedza zinali zazitali kuposa munthu, ndipo zinkacheka m'manja. Madzi anafika m'mawondo, kenaka m'chiuno. Kutsogolo kwathu kunali mayi wina atanyamula mwana pamutu ngati mtolo. Mfuti zikalira tinkakhala pansi m'madzimo, zikaleka tinkadzuka.

Misundu inandikakamira m'miyendo. A Afonso anaichotsa umodziumodzi ndi chikhadabo. Atamaliza anandinong'oneza kuti mwana wa ku yunivesite sagwa nkhope chifukwa cha nyongolotsi. Ndinaseka m'mimba, pakamwa nditatseka ndi dzanja.

Cha kumadzulo tinafika pa zimbowera, tinyumba ta asodzi toyandama pa udzu. Msodzi wina wachikulire anatikweza m'bwato lake pamodzi ndi anthu ena. Munkanunkha matemba. Nyanja ya Chilwa si yakuya, bwato amalikankha ndi nsungwi yaitali. Msodziyo akatopa, a Afonso ankalandira.

Mundiweruze ngati mufuna, koma ine m'bwatomo ndinali wosangalala. Kumbuyo kwathu mudzi unkapsa. Kutsogolo phiri la Zomba linkaoneka, labiriwiri, ndipo ndinkadziwa kuti m'tsinde mwake muli chipinda chondidikira. Ndinkayeseza Chingerezi chamumtima. Ndinkaganiza za diresi loti ndikavale, ndi mmene ndikayendere nditakumbatira mabuku pachifuwa. Pambali panga gogo wina ankalira mwakachetechete. Ndinatsitsa chipewa kuti asaone mano anga.

Tinagona pa chilumba cha Chisi. M'mawa mwake tinaona doko la Kachulu.

Tisanafike kumtunda msodzi uja anandiyang'ana bwinobwino, n'kupukusa mutu. Anali atandizindikira kalekale. Anati kuno ku Malawi mkazi wovala buluku amagona kupolisi. Buluku lomwe linandipulumutsa tsidya lija likanandimangitsa tsidya lino. Amayi anandikulunga chitenje chawo pamwamba pake, bwato likugwedezeka, ndipo anthu anaseka koyamba chichokereni kumudzi.

Pa doko panali thebulo pansi pa mtengo. Kalaliki ankalemba mayina a othawa nkhondo. Wolembedwa ankalandira bulangete ndi phala, n'kukwera lole yopita ku kampu. Fungo la phalalo linandizunguza mutu. Tinaima pamzere tonse atatu.

Mzere ukuyenda, a Afonso anandigwira pachigongono.

“Akakulemba apa, iwe ndiwe mlendo. Khomo lako lija latsekeka.”

Ngati zinali zoona, sindinkadziwa. Iwonso sankadziwa. Panalibe womufunsa, ndipo mzere sunkaima. Ndinawauza kuti amayi sindiwasiya, zibwere zibwere. Amayi anali kutsogolo kwathu. Sanacheuke, koma makutu awo ndinkawadziwa.

Tinafika pa thebulo. Kalaliki anafunsa osadzutsa mutu.

“Ana ndi angati, mayi?”

“Mmodzi. Uyu.” Analoza a Afonso.

“Nanga mtsikanayu?”

“Ameneyo sitikumudziwa ife. Ngwa konkuno. Tangokwera naye bwato.”

Kwathu mwana ndi wa mayi. Bambo ndi mlendo, amabwera n'kupita, koma mayi sakana mwana ngakhale atakhala wakuba. Ndinaima ndi chitenje chawo m'chiuno mwanga. Ine ndi amayi tinali ndi mpata wofanana pakati pa mano akutsogolo, ndipo aliyense wa maso akanaona. Amayi atangomaliza kuyankhula anatseka pakamwa zolimba.

Kalaliki anadzutsa mutu. Anayang'ana amayi, n'kuyang'ana ine. Anandifunsa kwathu. Ndinayankha m'Chingerezi chomwe ndinkayeseza m'bwato. Ndinatchula mudzi wa azakhali, mfumu yaikulu Kuntumanji, boma la Zomba. Mawu anatuluka olondola. Kalaliki anaweramiranso pa pepala lake.

“Ndiye choka pamzere, ukutichedwetsa.”

Ndinachoka. Phala sindinalandire.

Lole inadzaza. A Afonso anakwera n'kukoka amayi. Inayamba kuyenda pang'onopang'ono chifukwa cha mchenga. A Afonso anakweza dzanja ngati akukanda m'mutu. Amayi anakhala chofulatira. Ndinadikira kuti acheuke pa ngodya, koma sanacheuke. Ndinakwiya kwambiri, ndipo mkwiyo umenewo ndi umene unandiyendetsa.

Ndinatsata msewu wa fumbi mpaka ku sikimu. Mpunga unali utacha. Anthu ankapirikitsa mbalame ndi zitini, ena ankamweta, ngati dziko lonse lili pamtendere. Azakhali anandiona ndili patali. Dzina langa anali atalimva pa wailesi, za mfuti anamva kwa asodzi, ndipo sankadziwa kuti aluluta kapena alira. Anachita zonse ziwiri. Anandisambitsa ngati khanda, n'kupaka mafuta mabala a misundu. Buluku analiponya pamoto.

Masiku otsatirawo nyumba inali yosalowereka. Anthu ankabwera kudzaona mtsikana wa pa wailesi. Wina anabweretsa nkhuku, wina sutikesi ya malata yopanda loko. Telala wa pa Songani anandisokera diresi lofika m'munsi mwa mawondo, monga lamulo linkafunira. Ndinkaliyesa m'mawa ndi madzulo mpaka azakhali analibisa.

Pa tsiku lotsegulira ndinafika ofesi isanatsegulidwe. Mayi wa pa windo anatambasula pepala langa, lomwe linali ndi makwinya a m'chipewa. Anawerenga makirediti. Anafunsa mudzi, mfumu yaikulu ndi boma. Ananditumiza kwa dokotala, ndipo nditabwerako anandipatsa kiyi. Ndinalowa m'chipinda, n'kutseka chitseko, n'kudumpha pa matiresi ngati mwana mpaka woyandikana naye anagogoda khoma.

Za amayi anga palibe anandifunsa.

Pa holide yoyamba ndinapita ku kampu. Ndinali nditakonza mawu owakalipira. Amayi anandiona ndikulowa, anasiya ndowa ya madzi pakati pa njira, n'kundigwira padzanja. Anazungulira nane msasa ndi msasa. Paliponse ankanena mokweza kuti uyu ndi wanga, ngwachiwiri, ali ku yunivesite. Mawu anga aja sindinawapezere mpata.

A Afonso ndinawapeza akuphunzitsa ana masamu pansi pa mtengo. Ankalembera ku Maputo kupempha zotsatira zawo, koma yankho silinkabwera. Ndili chaka chachitatu anatopa ndi kudikira. Anati mapepala alibe miyendo, akawatenga okha. Anawoloka nyanja pa bwato la asodzi, nkhondo isanathe.

Amayi anakhala ndi moyo mpaka kulera ana anga. A Afonso sitinawaonenso.