Pini Imene Atelala Anameza

Kwa zaka makumi atatu atelala ankasokera pakhonde la sitolo ya nsalu, mapini ali kukamwa. Poyeza diresi manja awiri sankawakwanira, ndiye milomo inkagwira nawo ntchito. Kasitomala akafunsa kanthu, yankho linali "mm" basi, moti ena ankawayesa munthu wonyada.

Akazi awo anawaletsa mpaka kutopa. "Abambo, tsiku lina mudzameza." Iwo mm.

Tsikulo linafikadi. Akupinda mpendero wa diresi ya ukwati, anatsokomola mwadzidzidzi, pini imodzi n'kutsetsereka. Anamaliza kaye diresiyo, poti ukwati sudikira munthu, ndipo kunyumba sananene kanthu chifukwa cha manyazi. Patapita masiku anayi thupi linatentha, mpweya ukuwaperewera.

Kuchipatala dokotala anapeza kuti piniyo inaboola njira ya chakudya, ndipo zimene ankameza zinkadonthera m'chifuwa, pafupi ndi mapapo, mpaka kuchita mafinya. Anaichotsa, n'kuika kapaipi kotseka bowolo mkati, ndi paipi ina m'nthiti yotsitsira mafinya m'botolo pansi pa bedi. Kukamwa anati kusalowe ngakhale dontho la madzi, chakudya chizidzera pa paipi ya pamimba. Bowolo likakana kutsekeka, kukatsala kung'amba chifuwa, ndipo mmene anaondera atelala, dokotala sanalonjeze kuti angadzuke.

Milungu isanu ndi umodzi akazi awo ankadyera panja mobisala kuti odwalawo asawaone akudya, mantha ali tho.

Kapaipi kotseka bowolo kaja katachotsedwa, nesi anabwera ndi kapu ya madzi a buluu. "Imwani, bambo. Mtunduwu ukaoneka m'botolomu, ndiye kuti pakudonthabe."

Anamwa. Akazi awo anagwada pansi, maso pa botolo ngati munthu wolondera mkaka pamoto. Panapita mphindi khumi, kenako theka la ola, botolo osasintha. Anangokhala pa simenti pomwepo n'kuyamba kulira, mtima utakhala m'malo.

"Adokotala," anatero atelala dokotala uja atalowa, milomo ili buluu, "chigamba chanu chagwira. Ntchito mumaitha."

Lero abwerera pakhonde paja. Padzanja amamanga kapilo kobayapo mapini, kosokedwa ndi akazi awo mokhotakhota, koma katswiriyo sanakanyozepo. Poti kukamwa kulibe kanthu, makasitomala adziwa tsopano kuti bamboyu ndi wolongolola koopsa. Akazi awo amadandaula kwa anzawo kuti makutu awo sakupuma, komabe sanawauzepo ngakhale kamodzi kuti akhale chete.